Waya wofiira pansi pa chilembo cha Q



Mlungu uno tikukondwerera Lamulungu lachiwiri la Pasaka, limene Papa Yohane Paulo II adalikhazikitsa kuti likhale Lamulungu la Chifundo cha Mulungu m'chaka cha 2000, pa tsiku limene adalengeza kuti Sisitere Faustina Kowalska wa ku Poland ndi woyera. Chaka chilichonse pa tsikuli Eklezia amatiwerengera mutu 20 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Yohane, momwe timamva za ophunzira odzitsekera m'nyumba chifukwa cha mantha, za mphamvu yokhululukira machimo imene Yezu adawapatsa, ndi za Tomasi amene adafuna kuona mabala. Ife a komiti yokonza mapepala a Misa tapemphedwa kuti tigawane nanu malingaliro a mlungu uno, ndipo titakhala pansi tidagwirizana kuti tikusimbireni nkhani imene takhala tikuzengereza kuilemba chifukwa imatichititsa manyazi. Ndi nkhani ya kiyibodi imene ili mu ofesi ya parishi, ndi ya waya wofiira amene ali m'kati mwake.

Ambiri mwa inu mukuidziwa kiyibodiyo, ya bokosi lamatabwa ija, imene imalira kwambiri munthu akamalemba. Sitidaigule m'sitolo ayi. Tidaipanga tokha kumayambiriro kwa chaka cha 2024. Ntchito yathu mlungu uliwonse ndi kutaipa mawerengo a Lamulungu ndi mapemphero a mpingo, ndipo mawerengowo timawatenga mu Buku Loyera, limene lidasindikizidwa mu 1998. Amene mumaliwerenga mukudziwa kuti bukuli limagwiritsa ntchito chilembo cha ŵ pafupifupi pa tsamba lililonse. Polemba zathu timatsata chizolowezi cha manyuzipepala chosaika kachizindikiro kapamwambako, koma pokopera Malembo Oyera timafuna kulemba monga momwe adasindikizira. Makiyibodi a m'masitolo alibe batani la chilembochi, motero tinkachita kuchikopera pena ndi kuchimata pena, kambirimbiri pa tsamba limodzi. Kiyibodi yakale ya mu ofesi itawonongeka, mnzathu wina amene amaphunzira zamagetsi adati tipange yathu, yokhala ndi batani lakelake la ŵ. Tidasonkha ndalama anthu asanu ndi awiri, ndipo ntchito idayambika.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kufotokoza pang'ono m'mene kiyibodi imagwirira ntchito. Pansi pa batani lililonse pali switchi ya miyendo iwiri yachitsulo. Munthu akadina, miyendoyo imalumikizana m'kati ndipo magetsi amadutsa. Yathu ili ndi mabatani 61, koma kachipangizo kamene kamaiyendetsa, kotchedwa Raspberry Pi Pico, kamene kadatuluka mu 2021, kali ndi miyendo 26 yokha yolandirira ndi kutumizira uthenga. Choncho si zotheka kuti batani lililonse likhale ndi waya wakewake. Amisiri adapeza nzeru yondandalika mabatani m'mizere, monga mapando a m'munda: yathu ili ndi mizere 5 yopingasa ndi mizere 14 yotsika, ndipo njira 19 zimenezi zimakwanira mabatani onse. Kachipangizo kaja kamatumiza magetsi pa mzere umodzi, kenako pa wina, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, n'kumamvetsera kuti atulukira kuti. Pamene mzere wotsika wakumana ndi wopingasa, pamenepo ndiye pali batani lodinidwa. Pa switchi iliyonse tidaikaponso dayodi ya mtundu wa 1N4148, imene imalola magetsi kupita mbali imodzi yokha, kuti munthu akadina mabatani angapo nthawi imodzi kompyuta isaone batani limene silidadinidwe. Nzeru imeneyi ili ndi mtengo wake: mabatani a mzere umodzi amadyera njira imodzi. Pa kiyibodi yathu, nambala 1, Q, A ndi Z zili pa mzere umodzi wotsika, ndipo njira yake imachokera pamwamba kutsikira pansi. Izi tinkazidziwa papepala, pakuti tidazijambula ndife tomwe.

Bolodi lokhalapo zonsezi tidalipanganso tokha. Tidagula bolodi lokutidwa ndi mkuwa mbali zonse ziwiri, lotalika pafupifupi ngati pepala la A4. Tidasindikiza chithunzi cha njira zathu pa pepala lonyezimira, tidachimata pa mkuwa pochisita ndi simbi yotentha, kenako tidaviika bolodilo mu mankhwala otchedwa ferric chloride, amene amadya mkuwa wonse wosaphimbidwa ndi inki. Zotsala zidali tinjira ta mkuwa, ndi timphete tozungulira malo oboola, timene amisiri amati pad. Mwendo wa switchi umalowa pa bowo, ndipo solda amaugwirizanitsa ndi kampheteko. Luso losindikiza njira za magetsi pa bolodi lidayamba kale. Paul Eisler wa ku Austria adapanga wailesi ya mtunduwu ku England cha m'ma 1936. Koma mabolodi a kufakitale a masiku ano ali ndi chinthu chimene lathu lilibe: m'kati mwa bowo lililonse amakutamo mkuwa, umene umamanga kamphete kapamwamba ndi kapansi pamodzi. Pa bolodi lopangira kunyumba, kamphete kamangogwidwa ndi guluu wa pansi pake basi, ndipo mkuwa wake ndi wa mamaikiromita 35 okha, wopyapyala kuposa pepala la m'kope. Guluuyo akatenthedwa nthawi yaitali amafewa, ndipo munthu akakoka mwendo wa switchi pa nthawi imeneyo, kamphete kamatsatira.

Ntchito yowotcherera tidagawana, popeza mutu umodzi susenza denga. Aliyense adatenga mzere wake wopingasa kapena gawo lake. Mzere wapakati, woyambira pa A, udapatsidwa kwa mchemwali wathu wina, mtsikana yekhayo pa gululo, amenenso ndiye ankataipa mofulumira kuposa tonsefe. Tidamaliza kutatsala masiku ochepa kuti lifike Lachitatu la Phulusa, limene chaka chimenecho lidali pa 14 February. Tidayesa batani lililonse ndipo onse adayankha. Chilembo cha ŵ chitatuluka pa kompyuta ndi kudina kamodzi kokha, tidaomba m'manja ngati tagoletsa chigoli. Bambo Mfumu adabwera kudzaiona, ndipo adaidalitsa ataima chapatali kuti madzi odalitsa asagwere pa mkuwa.

Kwa milungu inayi zonse zidali bwino. Mlungu wachisanu wa Lenti, pamene tinkakonzekera nkhani yaitali ya masautso a Ambuye yolembedwa ndi Marko, yowerenga pa Lamulungu la Kanjedza, chilembo cha A chidayamba kusowa. Chinkatuluka kwa mphindi zingapo, kenako n'kuleka, kenako n'kuyambiranso. Tangoganizani kulemba Chichewa popanda A. Mawu oti Pasaka ankatuluka Psk, ndipo Aleluya ankasanduka leluy. Kutsogolo kwathu kudali Mlungu Woyera wonse, ndi Misa ya usiku wa Pasaka yokhala ndi mawerengo asanu ndi awiri a Chipangano Chakale. Mitima idakwera, ndipo funso loyamba limene tidafunsa lidali loti, kodi adawotcherera A ndani?

Pano ndi pamene tiyenera kunena zoona za ife eni. Sitidatenge mita kuti tiyeze. Tidangotembenukira mchemwali uja. Iye adatsegula bokosi, adatenthetsanso solda wa pa A ife tikuona, koma vuto silidathe. Tsiku lotsatira adabwerezanso, ndipo silidathe. Atachita kachitatu, mmodzi mwa ife adanena kuti ntchito zamagetsi si za atsikana, ndipo ena tidaseka. Amene sitidaseke tidangokhala chete, ndipo tsopano tikuona kuti kukhala chete kwathu kudali kuvomereza. Mawuwo sadathere mu ofesimo. Adafika ku kwaya, adafika kwa otumikira pa Misa, mpaka anthu adayamba kunena kuti mtsikana uja wawononga kiyibodi ya parishi. Lachisanu la mlungu umenewo iye adaika kiyi wa ofesi patebulo, adatsanzika mwaulemu, ndipo sadabwerenso. Chimene chimatipweteka kwambiri tikachikumbukira ndi chakuti chilembo cha Z nachonso chinkasowa. Tidaona dzina la Yezu litatuluka Yeu kangapo, tidalikonza, n'kupitirira. Z adawotcherera wapampando wathu, ndipo palibe amene adamufunsa kanthu, popeza wolakwa tidali titamupeza kale.

Mlungu Woyera tidaugwira ndi kiyibodi yobwereka, tikugona mochedwa, tikumata ŵ mmodzimmodzi monga kale, wotaipa wathu waluso palibe. Lachiwiri pambuyo pa Pasaka, pa 2 April, tidanyamula kiyibodi yathu kupita nayo kwa bambo wina wachikulire wa mphakati wathu, amene wakhala akukonza mawailesi pamsika kuyambira tisanabadwe. Adatilandira, adatikhazika pa benchi, ndipo asanagwire chipangizo chilichonse adafunsa kuti, "Ana anga, ndi zilembo ziti zimene zikufa?" Tidati ndi A. Adati, "A yekha?" Tidavomera kuti Z nayenso nthawi zina. Adayang'ana chithunzi cha mizere chimene tidabwera nacho, adalozapo ndi chala, n'kufunsa kuti, "Nanga Q?" Tidayang'anana. Palibe amene adadinapo Q chiyambire tsiku loyesa lija, pakuti mawu a Chichewa sagwiritsa ntchito chilembo chimenechi. Bamboyo adalumikiza kiyibodi ku kompyuta yake yakale, adapanikiza bolodi pang'ono ndi chala, n'kudina 1, Q, A ndi Z motsatana. Nambala 1 yokha ndi imene idatuluka. Adati, "Matenda sali pa A. A akungolira chifukwa cha mnzake wakumtunda."

Adazula waya wa ku kompyuta, adatembenuza bolodi, adatenga mita yake n'kuiika poti izilira ngati njira ya magetsi ili yotseguka. Kuchokera pa mwendo wa Pico kufika pa switchi ya 1, mita idalira. Kuchokera pa A kufika pa Z, idalira. Solda wa mchemwali uja pa A adali wosalala, wonyezimira, wokwera mwendo ngati kachulu, monga m'mene amayenera kukhalira. Koma kuchokera pa 1 kufika pa Q, ndi kuchokera pa Q kufika pa A, mita inkalira n'kuleka malinga ndi m'mene bolodi lapindikira. Pa mwendo wa Q padali chibulumwa cha solda chotuwa, chachikulu ngati njere ya chimanga. Bamboyo adaikapo kaluko ka mkuwa koyamwira solda, adakatenthetsa, ndipo chibulumwacho chitachoka tonse tidaona chimene chidali pansi pake: bolodi lopanda kanthu. Kamphete kadalibepo, ndipo kanjira kadali koduka mbali zonse ziwiri. Chibulumwa chija chinkangokhudza nsonga zodukazo popanda kugwirana nazo. Kwa milungu inayi kukhudzako kudakwanira, koma kudina kwa tsiku ndi tsiku kudagwedeza bolodi mpaka mpata udatseguka.

Bamboyo sadafunse kuti adachita ndani. Adangonena kuti, "Solda sagwira pamene palibe mkuwa. Amene adaika uyu adaona kuti kamphete kachoka." Padakhala bata. Kenako mmodzi mwa ife, amene ali pakati pa olemba nkhani ino ndipo walola kuti tiifotokoze, adapisa m'thumba n'kutulutsa bokosi la machesi. M'menemo mudali kamphete kaja, kopindika, kochepa ngati khungu la mapira. Adati, "Bambo, ndine." Adafotokoza kuti madzulo ena adatsala yekha mu ofesi ndipo adaona kuti switchi ya Q yakhala mopendekeka. Pofuna kuiwongola anzake asanaone, adasiya chowotcherera pa mwendowo nthawi yaitali, chowotcherera chathu chotchipa chopanda poichepetsera moto, ndipo adatema switchiyo ndi nsonga ya mpeni solda asanasungunuke yense. Switchi idatuluka pamodzi ndi kamphete. Adachita mantha kuti bolodi lonse lawonongeka, ndi ndalama za anzake zomwe. Adabwezera switchi, adaunjika solda, adayesa ndipo Q adatuluka. Mumtima mwake adati ngakhale litadzafa batani limeneli palibe adzadziwe, popeza Q sitimugwiritsa ntchito. A atayamba kusowa sadaganize msanga kuti nkhani ndi yomweyo. Atazindikira, anthu adali atamunena kale mchemwali uja, ndipo tsiku lililonse lodutsa lidachititsa kuulula kukhala kovuta kuposa dzulo lake. Tidamufunsa kuti n'chifukwa chiyani sadatiuze tsiku loyamba lomwelo. Adayankha kuti adaona m'mene tinkasekera aliyense wolakwitsa. Sitidathe kumutsutsa.

Tinkayembekeza kuti bamboyo akonza yekha, koma adapereka mpando wake kwa mnzathuyo. Mnzathuyo adafunsa ngati n'zotheka kumata kamphete kaja pamalo pake kuti pasaoneke kanthu. Bamboyo adati amisiri ena amamatadi ndi guluu wolimba wa epoxy, kapena kudula kamphete katsopano pa mkuwa wopyapyala, koma ngakhale atero, malo odukawo amafunikabe kuwalumikiza, ndipo pa bolodi ngati lathu kamphete komata kadzachokanso tsiku lina munthu akadzatenthetsapo. Adati njira yodalirika ndi kuyala waya kuchokera pamalo olimba kufika pamalo olimba. Adayamba ndi kumuuza kuti adule ndi lezala nsonga za kanjira zimene zidali zitatukuka, chifukwa zikasiyidwa zimapitiriza kusendeka. Kenako adamuuza kuti apale vanishi amene tidapaka, mamilimita atatu kapena anayi mbali iliyonse, mpaka mkuwa uwale, n'kupukuta ndi sipiriti. Mnzathuyo ankafulumira, manja akunjenjemera, ndipo bamboyo adamugwira paphewa n'kunena kuti, "Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kufulumira ndi kumene kudakufikitsa pano."

Adatiphunzitsa zimene tikadayenera kudziwa tisanayambe. Solda amene tinkagwiritsa ntchito ndi wosakaniza magawo 63 a tin ndi magawo 37 a mtovu, ndipo amasungunuka pa madigiri 183. Chowotcherera chake adachiika pa madigiri 330, ndipo adati masekondi awiri kapena atatu pa mwendo umodzi ndi okwanira; zikakanika, munthu achotse, adikire kuti pazizire, n'kuyesanso. Adapaka flux, mankhwala ochokera ku utomoni wa paini amene amachotsa dzimbiri losaoneka pa mkuwa kuti solda ayende ndi kugwira. Adati nsonga ya chowotcherera izikhudza mwendo ndi waya nthawi imodzi, ndipo solda azisungunuka pa zitsulo zotenthazo, osati pa nsongapo. Kenako adatsegula kabati yake momwe mudali mawaya opyapyala a mitundu yosiyanasiyana. Mnzathuyo adatambasula dzanja kuti atenge wofanana mtundu ndi bolodi, koma bamboyo adamupatsa wofiira. Adati, "Wodzatsegula bokosi ili m'tsogolo muno aone msanga pamene padavulala, asadzavutike ngati inu, komanso asadzanamizire wina."

Mnzathuyo adasenda wayayo malo atatu. Adakulunga nsonga yoyamba pa mwendo wa switchi ya 1, pakati adakulunga pa mwendo wa Q, ndipo nsonga yomaliza pa mwendo wa A, n'kuwotcherera malo onse atatu. Nsonga za kanjira zopalidwa zija adaziphimba ndi solda wochepa kuti zisachite dzimbiri. Popeza kamphete kamathandizanso kugwira switchi kuti isagwedezeke, adadonthezera epoxy pang'ono m'mbali mwa mwendo wa Q. Bamboyo sadalole kuti tilumikize kiyibodi ku kompyuta tisanayeze kawiri: koyamba, kuona ngati mita ikulira kuchokera pa Pico mpaka pa Z ngakhale bolodi litapindidwa, kachiwiri, kuona ngati ili chete pakati pa mzere umenewu ndi mizere yoyandikana nayo, pakuti solda wosefukira amalumikiza zosayenera kulumikizana. Epoxy atauma tidadina mabatani onse 61, limodzilimodzi, Q yemwe. Adatiuza kuti tisambe m'manja ndi sopo tisanadye chifukwa mtovu ndi poizoni, ndipo adakana kulandira ndalama. Potsanzikana adati, "Bolodi mwakonza. Nanga mwana wa eni ake uja?"

Abale ndi alongo, funso limenelo ndi limene latilembetsa nkhaniyi pa Lamulungu la Chifundo. Mnzathu uja adaganiza kuti kulakwa kwake kuli pa batani lopanda ntchito, pamalo pamene palibe amene amadina. Ambiri mwa ife tili ndi Q wathu, mbali ya moyo imene timati ndi yathu yokha ndipo siikhudza munthu. Koma tidabatizidwa kulowa m'thupi limodzi, monga Paulo Woyera akufotokozera mu mutu 12 wa kalata yake yoyamba kwa Akorinto, ndipo Papa Yohane Paulo II, mu chikalata chake cha mu 1984 chonena za kuyanjana ndi kulapa, adaphunzitsa kuti ngakhale tchimo lobisika kwambiri limafika kwa ena. Nthawi zambiri ululu wake umaonekera pa munthu wina amene sadachite kanthu, monga A adalirira chifukwa cha Q. Ndipo ife otsalafe, amene tinkadziona ngati oweruza, tidachita tchimo limene Katekisimu wa Eklezia Katolika, wa mu 1992, amalitchula pa nambala 2477: kuvomereza kuti mnzathu ndi wolakwa popanda umboni wokwanira. Mita idali mu kabati ya mu ofesi nthawi yonseyo, ndipo kuyeza kukadatitengera mphindi zisanu.

Tidaphunziranso kusiyana kwa kuphimba ndi kukonza. Chibulumwa cha solda chija chinkaoneka ngati ntchito yatha, ndipo kwa kanthawi chidagwiradi ntchito. Umu ndi m'mene timachitira tikalakwa: timawonjezera changu pa ntchito za tchalitchi, timaseka kwambiri ndi amene tidamulakwira, timapereka chopereka chochuluka, poganiza kuti kuchuluka kwa zabwino kubisa malo oduka. Koma kukonza kudayamba pamene chibulumwacho chidachotsedwa, bolodi lopanda kanthu n'kuonekera, ndipo mkuwa n'kupalidwa mpaka kuwala. Mu Sakramenti la Kulapa timachita chimodzimodzi pamene tisanthula mtima ndi kutchula tchimo dzina lake lenileni pamaso pa wansembe. Kupalako kumawawa, koma ndi pamalo opalidwa pokha pamene chatsopano chingagwire. Loweruka la mlungu womwewo tonse asanu ndi mmodzi tidakaima pa mzere wa kulapa, aliyense ndi zake.

Komabe makolo athu adati pepani sapoletsa chilonda, ndipo Eklezia savutana nawo pamenepa. Katekisimu yemweyo, pa nambala 1459, akuphunzitsa kuti chikhululukiro chimachotsa tchimo koma sichikonza zonse zimene tchimolo lidasokoneza, motero wolapa ayenera kuchita zimene angathe kubwezera mnzake zimene adamulanda, kuphatikizapo mbiri yake yabwino. Tidapita kwawo kwa mchemwali uja Lamulungu masana. Mayi ake adatiyalira mphasa pakhonde, adakhala pomwepo, ndipo tidafotokoza zonse. Mnzathu uja adati, "Achemwali, ndidakusiyani kuti musenze mlandu wanga. Ndikhululukireni." Amene adanena mawu onyoza aja adapepesanso payekha. Mchemwaliyo adamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndamva, achimwene, ndipo ndakhululuka. Koma mawu aja simudawanenere pakhonde pano." Adanena zoona. Popeza mbiri yake idawonongeka pagulu, tidaimirira pa msonkhano wa achinyamata onse, kenako pa kwaya, n'kunena poyera kuti ntchito yake idali yabwino kuposa ya tonsefe ndipo kuti tidamunamizira.

Sitikufuna kukunamizani kuti zonse zidabwerera m'malo tsiku lomwelo. Mchemwali wathu sadabwerenso ku ofesi mpaka itadutsa Pentekoste, imene idali pa 19 May. Tsiku limene adabwera sadayambe ndi kutaipa. Adapempha kuti titsegule bokosi, adayang'ana waya wofiira uja kwa nthawi, adaugwedeza ndi chala, n'kunena kuti wagwira bwino. Ubale wathu tsopano si ngati wa poyamba uja wongoseka chilichonse. Timasamala polankhula, ndipo tidagwirizana malamulo awiri: palibe kutchula dzina la munthu tisanayeze, ndipo wolakwitsa akanena yekha, palibe womuseka. Kamphete kaja sikadabwerere pamalo pake, ndipo sikadzabwereranso. Magetsi a A ndi Z amayenda njira ina, yooneka, yodutsa pamwamba pa malo ovulala, ndipo chiyambire tsiku limenelo mzerewo sudavutenso.

Tikamamva Mthenga Wabwino wa Lamulungu lino, timaona chinthu chimene kale tinkachidutsa. Ambuye atauka kwa akufa akadatha kubwera ndi thupi lopanda chipsera, koma adasunga mabala a m'manja ndi a m'nthiti, ndipo ndi mabala omwewo amene ophunzira adamuzindikira nawo. Anthu amene adali m'nyumbamo ndi omwe adamuthawa, ndipo mmodzi adamukana katatu. Sadawabisire zimene zidachitika, sadawakumbutsenso mwaukali. Adawapatsa mtendere, adawauzira Mzimu Woyera, n'kuwatuma kukakhululukira ena. Tomasi, amene timakonda kumunena kuti ndi wokayika, adapempha kuona ndi kukhudza asanagamule, ndipo Ambuye adamulola. Ife tikadakhala ndi mtima wofuna kuona kaye, mlongo wathu sakadalira.

Choncho mlungu uno tikupemphani kuti aliyense adzifunse mafunso awiri pa nthawi ya pemphero lake. Kodi pali malo amene ndidaunjikapo solda, ndipo wina akuvutika chifukwa cha zimene ndidabisa? Kodi pali munthu amene ndidamugamula ndisanayeze, amene mpaka lero akuyenda ndi mbiri imene ndidamupatsa ine? Ngati yankho ndi inde, ansembe athu amakhala mu tchalitchi Loweruka lililonse masana, ndipo pochoka kumeneko pali khomo lina loti mukagogode. Mlandu suwola, koma chifundo cha Mulungu nachonso sichitha. Amene mukufuna kuona wayayo, bwerani ku ofesi Lachinayi madzulo pamene timataipa mawerengo, tidzatsegula bokosi.

Tipemphere. Ambuye Yezu, Inu amene mudaonetsa mabala anu kwa anzanu amene adakuthawani, tipatseni mtima wosaopa kuulula, maso odekha poweruza anzathu, ndi manja okonzeka kukonza zimene tidawononga. Dalitsani amene tidawalakwira, ndipo mutisunge ogwirizana mu Eklezia wanu. Amen.

Mulungu akudalitseni nonse, ndipo tikufunirani mlungu wabwino wa Pasaka.